Yankho kwa amalume pa nkhani ya kompyuta ndi tabuleti

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija lomwe mwaika pagulu pano, loti kodi kompyuta yanu ya patebulo imene yayamba kuchedwa poyaka muisinthe ndi inzake yatsopano, kapena mungogula tabuleti, popeza anthu akuti masiku ano foni ndi tabuleti zalanda malo a kompyuta. Ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo kuilemba ndi zala ziwiri pafoni kukadanditopetsa. Kutopa kumeneku mukusunge, chifukwa yankho langa lagona pomwepo.

Anthuwo sakunama kwenikweni. iPhone yoyamba idatuluka mu 2007, foni yoyamba ya Android idatsatira mu 2008, ndipo iPad idabwera mu 2010. Pofika mwezi wa Okutobala mu 2016, kampani ya StatCounter, yomwe imawerengera zipangizo zimene anthu amatsegulira masamba a pa intaneti, idalengeza kuti kwa nthawi yoyamba mafoni ndi matabuleti adapambana makompyuta padziko lonse. Malonda a makompyuta nawo adafika pachimake cha mu 2011, pamene m'chaka chimodzi adagulidwa oposa 350 miliyoni, kenako adatsika kwa zaka zingapo zotsatizana. Choncho kuwerenga nkhani, kutumiza uthenga, kuona zithunzi za adzukulu ndi kutumiza ndalama zidasamukiradi m'thumba, ndipo sindikuona kuti zidzabwereranso patebulo.

Koma taganizirani zimene zidachitika mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka maofesi ndi masukulu. Anthu ambiri mafoni adali nawo kale m'manja, komabe atauzidwa kuti agwire ntchito ndi kuphunzira ali kunyumba, adathamangira kugula makompyuta, makamaka malaputopu, mpaka malonda aja adakweranso kwambiri mu 2020 ndi 2021. Kwa ine umenewu ndi umboni womveka kuposa wina uliwonse, chifukwa munthu akapanikizika ndi ntchito ya tsiku lonse amasankha chida chimene chimugwirira ntchitoyo, osati chimene chili m'fashoni. Ngakhale Steve Jobs, yemwe adabweretsa iPad, adayerekeza makompyuta ndi magalimoto onyamula katundu, kutanthauza kuti adzakhalapobe ndipo adzafunikabe, kungoti si aliyense amene adzawafune.

Pali chinthu chimene ambiri amasokoneza pano. Vuto la tabuleti si kuchepa mphamvu, chifukwa iPad Pro ya mu 2021 idaikidwa purosesa (ubongo wa makina) ya M1, yomweyo imene kampani ya Apple idaika m'makompyuta ake a Mac. Vuto lili pa manja, pa maso ndi pa mapulogalamu. Inu mumalemba makalata aatali ndiponso mumasunga mawerengero a ndalama mu Excel, ndipo ntchito yotereyi imafuna kiyibodi yeniyeni yomwe zala zonse khumi zikugwirapo, mausi yolozera kabokosi kamodzi pakati pa timabokosi mazanamazana, ndi sikirini yaikulu yoti mutsegulepo zikalata ziwiri nthawi imodzi n'kumaziyerekeza. Sikirini ya foni imakhala ya mainchesi pafupifupi 6, ya tabuleti kawirikawiri 10 mpaka 13, pamene ya patebulo ikhoza kufika 24 kapena kuposa. Komanso Excel ndi Word za pa tabuleti zimakhala zochepetsedwa, moti mwachitsanzo ma macro, omwe amachititsa kuti mawerengero ena azidzichita okha, sayenda pa iPad. Ndiponso foni wamba ilibe fani yoziziritsira, kotero ikagwira ntchito yolemera kwa nthawi yaitali imatentha, ndipo kuti isawonongeke imadzichepetsera yokha liwiro.

Mwina wina pagulu pano anganene kuti tabuleti imalandira kiyibodi, ndiponso kuti kuyambira mu 2017 mafoni ena a Samsung ali ndi DeX, yomwe imalola kulumikiza foni ku sikirini yaikulu, kiyibodi ndi mausi. Zimenezi ndi zoona, ndipo zimathandiza munthu wapaulendo. Koma mukagula zonsezo n'kuziyala patebulo, mwamanganso kompyuta ya patebulo yomwe ija, kungoti tsopano mtima wake ndi foni.

Chimene chikuchotsadi kompyuta ya patebulo m'nyumba zambiri ndi laputopu, osati tabuleti. Laputopu imayendetsa mapulogalamu omwewo, ili ndi batire yoti magetsi akazima simutaya zimene mumalemba, ndipo mukhoza kuinyamula. Komabe ya patebulo ili ndi ubwino umene ndimaulemekeza kwambiri, woti imatsegulidwa. Chikawonongeka chimodzi mumasintha chomwecho, kaya ndi RAM (yomwe imasunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito), kaya ndi chosungira zinthu, pamene m'matabuleti ambiri zonse zidamatidwa pamodzi, ndipo batire ikafooka pakatha zaka zingapo, kuisintha si ntchito ya aliyense. Ichi n'chifukwa chake m'maofesi, m'mabanki ndi kwa anthu okonza mavidiyo kapena ojambula mapulani a nyumba mudzazipezabe zili phee pamalo pake.

Tsono kwa inu, amalume, ndinganene kuti musafulumire kuitaya. Makompyuta ambiri akale amachedwa chifukwa ali ndi chosungira zinthu cha mtundu wakale, hard disk yozungulira, ndipo mukaika SSD, chomwe ndi chosungira chachangu chosazungulira, m'malo mwake n'kuwonjezera RAM, makina omwewo amayaka msanga moti mungadabwe. Chofunika kuyang'ana choyamba ndi Windows imene ilimo, chifukwa kampani ya Microsoft idasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo si makompyuta onse akale amene amalandira Windows 11. Ngati yanu ndi yotha kulandira, kuikonza n'kwanzeru kuposa kugula china chilichonse. Ngati siingathe, gulani laputopu, ndipo sikirini, kiyibodi ndi mausi zomwe muli nazo kale muzizilumikiza mukakhala kunyumba, kuti maso ndi msana zisavutike.

Tabuleti sindikuikana ayi. Kwa azakhali, omwe amakonda kuwerenga ndi kuimba mafoni oonana nkhope, ndi yabwino kuposa kompyuta, chifukwa imayaka nthawi yomweyo ndipo zilembo amazikulitsa ndi zala. Koma ana apasukulu aja musawasiyire tabuleti yokha, chifukwa mwana wozolowera kungokhudza sikirini amavutika akadzapatsidwa ntchito yotaipa, yosunga mafayilo m'mafoda ndi yosindikiza pa pulinta.

Musanachite chilichonse, koperani zikalata zanu ndi zithunzi zonse pa flash kapena pa hard disk ina, chifukwa makina akayamba kuchedwa chonchi nthawi zina ndi chizindikiro choti chosungira chake chatsala pang'ono kufa. Mukatero mundijambulire chithunzi cha kapepala komatidwa kumbuyo kapena pambali pa bokosi lake, pomwe pamalembedwa mtundu ndi nambala ya makinawo, ndipo ndidzakuuzani ngati ingalandire Windows 11 komanso RAM imene ingalowemo.