Yankho: kuonera mpira ndi kuona malo ku London muli ndi ana

Bambo, mwafunsa komwe mungapite ndi ana anu awiri pa tchuthi cha Disembala, ndipo mukufuna akaonereko mpira wa Premier League. Matikiti a Arsenal kapena Chelsea ndi ovuta kuwapeza, chifukwa makalabuwa amayamba agulitsa kwa mamembala awo. Musagule kwa mavenda a kunja kwa bwalo. Kugulitsa kotero n'koletsedwa ku England, ndipo tikiti yake ikhoza kukanidwa pachipata ndalama zitapita kale. Yambani ndi timu za m'maligi a m'munsi monga Leyton Orient, kapena masewero a timu za amayi. Mitengo yake ndi yotsikirapo, anawo amaona osewera pafupi. Avale majuzi okhuthala ndi zipewa, poti pofika 4 koloko madzulo kumakhala kutada ndipo mphepo ya m'bwalo imalowa m'mafupa.

Pa Underground, sitima zapansi pa nthaka za mu London, ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira. Dutsani nawo pa geti lalikulu la m'mbali, chifukwa laling'onolo limatseka msanga mwana asanadutse.

Kunena za malo okaona, Natural History Museum ndi Science Museum, nyumba zoonetsera zinthu zachilengedwe ndi za sayansi, zonse ku dera la South Kensington, polowa ndi ulere, koma sungitsiranitu nthawi pa intaneti. Kumbukiraninso kuti pa 25 Disembala Underground siyenda.