Ba Anti, ndinalakwa kumuuza zoona?

Ba Anti, ndili chaka chachiwiri pa koleji ina muno mu Lusaka. Anatipatsa asayimenti ya pagulu, ndiye mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi ku boarding house ku Kalingalinga ndi amene anaima kutsogolo kupanga presentation koma anangoweramira pepala kuwerenga mothamanga mawu osamveka, mamaliki tinapeza ochepa. Madzulo ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti "iwe watigwetsa, sudziwa kulankhula". Manje sandiyankhula. Ndinalakwa?
Wodandaula, Kalingalinga

Mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi inde, koma khutu salitsinira pa WhatsApp anthu onse akuona. Komanso taganiza, mawu akuti "sudziwa kulankhula" iye akawatenga akachita nawo chani? Palibe chogwirika pamenepo, wamuuza chabe kuti iyeyo ndiye wolakwika. Ukanati "poyamba paja unafotokoza bwino, koma utafika pa ma figure unathamanga ndipo ife akumbuyo sitinamve", bwenzi akudziwa pomwe pafunika kukonza, mwinanso iye akanakuuza yekha chinamuvuta.

Ndiye funso langa, inu enanu munali kuti usiku woti mawa lake ndi presentation? Munamumvetsera akuyeserera? Ndikukayika. Kumuuza mamaliki atatuluka kale kuli ngati kuthamangira minibasi yoti yachoka pa siteshoni ya Kulima Tower.

Usaiwalenso kuti ambiri a inu munakhoza English ya Grade 12 ya bungwe la mayeso la ECZ polemba chabe, kuima pamaso pa anthu n'kuyamba kuiyankhula ndi nkhani ina, makamaka kwa munthu amene kunyumba amayankhula Chinyanja kapena Chibemba tsiku lonse, lilime limalemera mantha akabwera ndiye amabisala mu pepala. Chimathandiza n'chakuti ayambe wakufotokozera mfundo zake m'Chinyanja opanda pepala, akaona kuti nkhaniyo akuidziwa asinthe aziinena m'Chingerezi, papepala azingolemba timitu. Mujambuleni pa foni adzimvere yekha. Muzimuuza chinthu chimodzi kapena ziwiri basi pa ulendo umodzi, osati kumuthira zonse.

Pitani mukakhale pansi awiriwiri, osati pa foni. Upepese chifukwa chomuyalutsa pagulu, ndipo pa gulu lomwelo ukalembenso kuti unalankhula molakwika. Presentation ikubwerayi mugawane zigawo, nawenso ukaime kutsogolo iye azikakuuza pomwe waphonya.
Anti