Chiwongola dzanja cha pa chikwangwani si cha aliyense

Achemwali, mwati banki yakuuzani chiwongola dzanja chokwera kuposa chimene chalembedwa pa chikwangwani chotsatsa ngongole, pomwe mnzanu wogwira ntchito m'boma anapatsidwa chotsikirapo kubanki yomweyo. Mukufunsa ngati akukuberani komanso ngati musaine. Kuba ayi, koma musathamangire kusaina.

Mtengo wa pa chikwangwani ndi wa wobwereka amene banki ilibe naye mantha. Zili ngati wa kaunjika ku msika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu amene amafuula mtengo wa kamalaya ka mwana, koma mukatola jekete amakuuzani mtengo wina. Sananame, kungoti anafuula wa chinthu chotchipitsitsa. Mnzanuyo malipiro ake amalowa tsiku lodziwika, ndipo ngongole amadula ndalama isanafike n'komwe m'manja mwake. Inu mwati muli ndi saluni ku Luwinga. Mu Disembala anthu amachita kulimbirana mpando, koma ikafika Januwale aliyense maso ali pa fizi ndi feteleza. Banki imadziwa zimenezi, ndiye imawonjezera kangachepe pofuna kudziteteza.

Mawerengedwe ake ndi awiri ophatikiza. Pali mlingo wa onse umene amautcha reference rate, umene mabanki anayamba kugwiritsa ntchito mu 2019 ndipo umalengezedwa mwezi ndi mwezi. Pamwamba pake banki iliyonse imaika gawo lake, malinga ndi mmene yamuonera munthu. Mlingo wa onsewo umatsatira kwambiri zimene Reserve Bank of Malawi yagamula. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, banki yaikuluyi inakweza mlingo wake kufika pa 26 peresenti kumayambiriro kwa 2024, ndipo ngongole zinadula kwa aliyense. Pamenepo inu ndi ine tilibe chonena. Pokambirana ndi pa gawo la banki lija, ndipo afunseni mwatchutchutchu kuti lanu aika zingati, n'chifukwa chiyani.

Choyamba chimene amayang'ana ndi mbiri yanu ya ngongole. Mabanki amafufuza dzina lanu kumabungwe osunga mbiri ya obwereka, monga Credit Data CRB. Kangongole kakale kamene munachedwa kubweza kwinakwake, ngakhale munamaliza, kakhoza kumaonekabe. Nthawi zina munthu anamaliza kubweza koma amene anamubwereka sanatumize uthenga woti nkhani inatha. Pemphani lipoti lanu muliwerenge nokha, ndipo ngati pali cholakwika, katengeni kalata yotsimikiza kuti munamaliza.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri amaluzira, ndi sitetimenti ya akaunti. Ndalama za saluni zikamathera m'thumba la epuloni, zina pa Airtel Money, zina pa Mpamba, zina kubanki m'khonde, wa ngongole akatsegula kompyuta amangoona akaunti yogona. Mukhoza kumapanga phindu loposa malipiro a mnzanuyo, koma pa pepala mukuoneka ngati mulibe kanthu. Ngati ngongoleyo si ya changu, dikirani miyezi ingapo mukuponya zogulitsa zonse kuakaunti, ngakhale muzikazitapanso mawa lake. Chikole nachonso chimatsitsa mtengo, ngakhale ine sindingakulimbikitseni kupinyolitsa puloti chifukwa cha ma draya awiri.

Tsono chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: musayerekeze maperesenti, yerekezani ndalama yonse imene mudzabweze. Obwereketsa awiri akhoza kunena 3 peresenti pa mwezi, koma osatanthauza chimodzi. Tiyerekeze mwatenga K1,000,000 ya miyezi 12. Wina amawerengera chiwongola dzanja pa miliyoni yonseyo mwezi uliwonse, ngati kuti simunabwezeko kalikonse, ndipo pakutha pa chaka mwapereka K360,000 pamwamba. Winayo amawerengera pa ndalama yotsala yokha, imene imanka nichepa, ndipo pamwamba mupereka pafupifupi K205,000. Peresenti ndi yomweyo, koma kusiyana kwake kukuposa K150,000. Ndiye palinso ndalama yokonzera mafomu ndi inshuwalansi ya ngongole, zimene kawirikawiri amadula poyambirira. Mumasainira miliyoni, koma yolowa mu akaunti ndi yoperewera, pomwe chiwongola dzanja akuwerengera pa miliyoni yonse.

Mukabwererako, musapite ngati wopempha chithandizo, ndinu kasitomala. Auzeni akusindikizireni ndondomeko ya kabwezedwe mwezi ndi mwezi, yoonetsa yolowa m'manja mwanu ndi yonse yobweza. Funsani ngati chiwongola dzanjacho ndi chokhazikika kapena chidzakwera reference rate ikakwera, chifukwa ngongole zambiri za m'mabanki zimayenda nayo. Funsaninso ngati pali chilango mukafuna kumaliza msanga. Pepalalo mupite nalo kunyumba, ndipo tsiku lotsatira mukatenge lofanana nalo kubanki ina. M'tauni muno mabanki ali moyandikana, ndi ulendo wa miyendo basi. Wa ngongole akaona pepala la anzake m'manja mwanu, nthawi zina mawu amafewa.

Ma SACCO, mabungwe amene mamembala amasungako ndalama n'kumabwerekako, musawaiwale. Kumeneko amayang'ana kwambiri masheya amene mwasunga nawo, choncho si njira ya lero lomwe, koma kwa munthu wa bizinesi ndi yoyenera kuiyamba. Za katapila, ngakhale banki ikukhumudwitseni bwanji, musayandikeko.

Ngati mwasaina kale ndipo zimene akudula zikusiyana ndi zimene zili mu mgwirizano, lembani dandaulo kubanki yanuyo ndipo musunge kope lake lodindidwa. Akapanda kukuthandizani, nkhani zotere zimapita ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabanki onse ndipo ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu.