Makompyuta a pa cloud pophunzitsa: gwiritsani ntchito, koma muziwazimitsa

Achimwene, funso lanu ndaliona. Muli ndi ophunzira 10 oti muwakonzekeretse mayeso a Windows Server, malaputopu awo ndi ofooka, ndiye mukufunsa ngati kubwereka makompyuta a pa cloud (makompyuta a makampani ngati Azure ya Microsoft ndi AWS ya Amazon, omwe mumawagwiritsa ntchito kudzera pa intaneti) kungathandize. Ine ndikuti chitani zimenezo, inenso ndimaphunzitsa choncho.

Konzani kompyuta imodzi bwinobwino, muikemo zonse zofunika, kenako mutenge image yake (kope la kompyuta yonseyo) n'kupangira wophunzira aliyense yakeyake. Asagawane imodzi ayi. M'kalasi mwanga mtsikana wina anasokoneza Active Directory (gawo la Windows Server loyang'anira maakaunti ndi makompyuta a pa netiweki) tsiku lachiwiri lomwe, nkhope yonse inagwa poganiza kuti waonongera anzake. Ndinangobwezera snapshot ya m'mawa (kope losunga mmene kompyutayo inalili nthawi imeneyo), patangopita mphindi zochepa anayambiranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankayesa zinthu mopanda mantha. Magetsi akathimanso ntchito siitayika, chifukwa kompyutayo ikuyakabe komwe ili. Mumangolumikizanso n'kupitiriza pomwe munalekezera.

Posankha dera, pa Azure tengani South Africa North, ya ku Johannesburg, ndipo pa AWS tengani Cape Town. Mukasankha za ku America, mudzalemba chilembo n'kumachidikira kuti chioneke.

Pa ndalama m'pamene ndikufuna mumvetsetse. Pa Azure, kuzimitsa Windows mkati mwa kompyutayo sikuletsa bilu. Pitani pa portal (tsamba la Azure loyendetserapo makompyutawa) mukadine Stop mpaka ilembe kuti deallocated, kutanthauza kuti bilu ya kompyutayo yaima, ndipo muike auto-shutdown ya 6 koloko madzulo pa kompyuta iliyonse, poti ophunzira amaiwala. Ine Lachisanu lina ndinasiya zonse zikuyaka mpaka Lolemba, ndinalipira ndalama zomwe zikanakwanira makalasi angapo. Disiki imalipiritsabe ngakhale mwazimitsa, choncho maphunziro akatha fufutani zonse. Kulipirako kumafuna khadi la Visa kapena Mastercard, ndiye ndi mmene forex ikuvutira kunoku, yambani mwalankhula ndi banki yanu. Akaunti yatsopano ya Azure imabwera ndi madola 200 a masiku 30, okwanira kuyesera musanalonjeze ophunzira chilichonse.

Port 3389, khomo lolowera pa kompyuta ya Windows muli kutali, musaisiye yotsegukira dziko lonse, lolani ma IP (maadiresi a pa intaneti) a kalasi yanu okha.

Koma tsiku la mayeso enieni, ngati akulembera kunyumba kudzera pa OnVUE, pulogalamu ya kampani yolembetsa mayeso ya Pearson VUE, virtual machine, monga makompyuta a pa cloud amenewa, siloledwa. Auzeni msanga apeze laputopu yeniyeni yokhala ndi kamera, kapena asungitse malo ku test centre.