Tifunseni: Katundu watithinitsa m'nyumba

FUNSO: Timakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine, amuna anga ndi ana atatu. Katundu wachuluka moti posesa timachita kunyamula zinthu. Mwana wathu wamkulu amationetsa pafoni nyumba zakunja za mbee, akuti ndi minimalism, kutanthauza kukhala ndi katundu wochepa, ndiye akufuna titaye zonse. Bambo ake akuti chilichonse chidzagwira ntchito tsiku lina. Ndimvere ndani? — Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Amayi, onse awiri akunena zoona pang'ono. Nyumba za pafonizo n'za anthu amene akataya chinthu lero amagula china mawa. Kuno chigubu chimasunga madzi mipopi ikauma, ndipo mbale zambiri zimathandiza pa chinkhoswe kapena pa maliro. Choncho musamafunse kuti "kodi n'zambiri?" Funsani kuti "chili ndi ntchito yanji, nanga malo ake ndi ati?"

Musagwetse nyumba yonse tsiku limodzi. Dzuwa lidzakulowerani katundu ali pabwalo, n'kumubwezeretsa mmene analili. Yambani ndi kunsi kwa bedi. Yalani mkeka panja, muike milu itatu: zotsala, zopatsa ena kapena kugulitsa, ndi zotaya.

Pa zovala, werengani chaka chathunthu. Chovala chimene sichinavalidwe m'chisanu cha Juni, m'kutentha kwa Okutobala ngakhale m'dzinja, chichoke. Yunifolomu ya kumpingo ndi suti ya pa mwambo musaziwerengere pamenepa. Zovala zimene zamuthina mwana sungani m'sutikesi imodzi yokha, ya mng'ono wake. Muzichape n'kuzisita musanatseke, chifukwa njenjete zimakonda chovala cha thukuta.

Makatoni ndiwo timawaletsa kwambiri. Amakoka chinyontho cha pasimenti, mphemvu zimaikira mazira m'mphako zake, ndipo chiswe chikawapeza chimadya ndi masatifiketi omwe. Mapepala ofunika aikeni m'pulasitiki, kenako m'chidebe chotseka bwino, pamalo okwera. Matumba a chimanga asagone pansi kapena kutsamira khoma. Ikani njerwa zinayi ndi matabwa pamwamba, thumba likwere masentimita 10 mpaka 15, apo ayi la pansi limachita chuku. Matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, bola chimanga chikhale chouma ndipo pulasitiki iliyonse imangidwe payokha.

Za zinthu zimene Bambo amasunga, monga wailesi yakufa ndi mapaipi a njinga, gwirizanani mwaulemu: bokosi limodzi, miyezi itatu. Chimene sichinapite kwa okonza pofika pamenepo chipite kwa ogula zitsulo. Mabotolo apatseni ogulitsa thobwa. Matayala ndi zitini za kuseri kwa nyumba zichoke mvula isanayambe, poti madzi akadikhamo udzudzu umaswana pasanathe masabata awiri. Mankhwala otha masiku musapatse munthu. Kafunseni kuchipatala katayidwe kake.

FUNSO: Bambo anga anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Katundu wawo wadzaza chipinda chimene ndikufuna kuti ana azigonamo. Ndingamuchotse? — Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, Bambo. Mungathe, koma osati nokha. Ngakhale jekete lakutha limatha kudanitsa pachibale likasowa mosadziwika. Yambani mwamva maganizo a amayi anu ngati alipo, ndipo musawafulumizitse. Kenako itanani abale anu ndi akuluakulu a banja, mulembe m'kope chilichonse ndi dzina la amene watenga. Mapepala a malo, a kubanki, a penshoni, wilo ndi chikalata cha imfa zisalowe pa mulu wogawa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Zithunzi ndi Baibulo lawo kapena tasibihi asunge munthu mmodzi amene nonse mwagwirizana.