Chikalata ndinali nacho, chipinda anatenga ena

Achemwali, nkhani yanuyi, yoti chipinda chophunzitsiramo chimene munapempha dipatimenti inanso ikuchifuna, yanditsegula bala. Ngati dipatimenti inayo yapemphadi chipinda chomwecho pa ola lanu lomwelo, musadikire tsikulo n'kumati tidzamvana pakhomo. Pakhomo anthu samvana.

Ine zinandionekera mu 2024, chaka cha chilala chija madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse kuno ku Lusaka. Pasukulu pathu zipinda zolumikizidwa ku jenereta zinali zowerengeka, ndiye aliyense maso anali pomwepo, wofuna projekita, wa makalasi amadzulo, wa mayeso. Ine ndinali ndi mayeso a CA oti ndilembetse ana anga, aja a m'kati mwa teremu amene amawerengeredwa pa zotsatira zomaliza. Ndinapempha chipinda chachikulu kutatsala milungu itatu, a ku ofesi ya timetable anasaina, chidindo chinamenyedwa. Mtima unali m'malo.

Tsikulo ndinatsika minibasi kuchokera ku Chelstone mapepala ali m'katoni, mayeso oyamba 16:00. Kufika, ndapeza ana anga opitirira 150 ali mbwee pakhonde, chitseko chotseka. M'kati muli bambo wina wamkulu pasukulupo, akubweza phunziro limene analiphonya sabata yapitayo, ana ake osakwana ndi 30 omwe, mipando yambirimbiri ili yopanda munthu. Ndinagogoda mwaulemu, ndinawapatsa moni, ndinatambasula chikalata ndi manja awiri. Sanachilandire n'komwe. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti iwo akhala akuphunzitsira m'menemo ine ndisanalowe ntchito, ndikadandaule kwa amene anandipatsa pepalalo. Chitseko phwa, ana anga akuona.

Ndinathamangira ku ofesi, kotseka. Foni ikungoitana. Pobwerera ndinaona mayi wina wa m'kalasi mwanga, woyembekezera, atakhala pamasitepe bolopeni ili m'manja. Anali atapempha kuweruka msanga kuntchito, anachokera ku Kafue kudzalemba mayeso amenewa. Ena anachokera ku Chongwe. Nkhope ya mayi ameneyo sindinaiwale mpaka lero.

Tinakapanikizana m'kachipinda kopanda magetsi, atatu pa desiki ya awiri, ena akulembera pamaondo. Mmene imakwana 18:00 mdima unali utagwa, ana anayamba kuyatsa matochi a pafoni, ndipo foni m'mayeso mukudziwa kale tanthauzo lake. Ndinaimitsa zonse. Mafunso anali ataonedwa, ndiye ndinayenera kukonza ena atsopano, ana kulipiranso thiransipoti tsiku lina. Mawa lake amene anaitanidwa kukafotokoza ndinali ine. Bambo aja palibe anawafunsa kanthu. Timakula tikumva kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tsiku limenelo motowo anayatsa ndi iwowo, ndipo ngakhale pepani sanandiuze.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa chimene chinachitika. Panali mabuku awiri olembamo opempha zipinda. La ku ofesi linali ndi dzina langa, koma wosunga makiyi anali ndi kope lakelake, ndipo aliyense womuimbira foni ankangomulemba m'menemo. Mabuku awiriwa sankaonana.

Ndiye achemwali, mawa m'mawa pitani kwa mkulu wa timetable, musakangane nokha ndi mnzanuyo. Mupemphe kuti agamule iyeyo molemba, kalatayo ifikenso kwa akulu a madipatimenti onse awiri. Munene chiwerengero cha ana anu, mipando ya m'chipindamo, ndiponso ngati ndi mayeso kapena phunziro wamba. Mayeso ayenera kutsogola, ndipo kalasi yaing'ono ikhoza kusamukira kwina mosavuta. Ngati winayo akungofuna projekita, mwina angalole kusinthana ola kapena kulandirana masabata. Mupemphenso chipinda china chodalira zikavuta, chilembedwe pa kalata yomweyo. Tsatirani ndondomeko basi.

Komabe ndisakunamizeni, ine ndondomeko ndinaitsatira yonse ndipo sinandipulumutse. Masiku ano ndikakhala ndi mayeso ndimatuma class rep, mtsogoleri wa ana a m'kalasi mwanga, kuti kalasi yam'mbuyo ikangotuluka, ana anga alowe akhale pamipando, ola lisanakwane n'komwe. Munthu sangatulutse ana 150 okhala kale. Ndipo wosunga makiyi mumudziwe, muzimupatsa moni ngati malume anu, mumuonetse kalatayo dzulo lake, muone ndi maso anu kuti dzina lanu lalowa m'kope mwake.