Injini ikalefuka paphiri, yambani ndi klachi, magiya adikire

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Winnipeg, ku Canada. Ali ndi snowmobile (makina oyendera pa sinowo) ya Ski-Doo Renegade ya injini ya 850, ndipo kwawo kuchigwa imathamanga popanda chodandaulitsa. Chaka chatha adapita nayo ku Revelstoke, ku British Columbia. Atangokwera Boulder Mountain idayamba kulefuka, rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) osapitirira 7,300, ndipo tsiku lachiwiri lamba wa pa klachi adapsa. Funso lake ndi ili: "Anzanga ena akuti ndisinthe magiya, ena akuti vuto ndi klachi. Ndiyambire pati, poti mu February ndikubwereranso?"

Achimwene, choyamba mtima ukhale pansi, injini yanu siidaonongeke. Ikungosowa mpweya. Winnipeg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 240 kuchokera pamene pali nyanja, pomwe kumtunda kwa Boulder mumaseweretsa makinawo pamamita 2,000 kapena kuposerapo. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Mukawerengetsa, mwasiya m'njira mphamvu yokwana 17 kapena 18 peresenti. Kompyuta ya mu injini yanu ya E-TEC imaona yokha kuti mpweya wachepa n'kuchepetsa mafuta, ndiye za majeti musavutike nazo ngati mmene ankachitira a makina a kabyuleta. Koma klachi ilibe kompyuta. Ndi zitsulo ndi sipuling'i basi, ndipo sidziwa kuti mwakwera phiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu klachi yakutsogolo, yomwe ili pa injini, muli tizitsulo titatu tolemera. Injini ikamazungulira, tizitsuloti timatayikira kunja n'kukankha mbale kuti zipane lamba, lambayo n'kukwera m'mwamba, ndiko kulowa giya yaikulu. Kulemera kwa tizitsuloti adakuyezera mphamvu ya kuchigwa. Paphiri timakankhabe chimodzimodzi, injini yofooka ija n'kupezeka yasenzetsedwa giya imene singaikwanitse. Zili ngati kukwera chitunda pa njinga yakapalasa uli pa giya ya pamalo osalala: miyendo ndi yomweyo, koma supita patali. Injini ya 850 E-TEC imatulutsa mphamvu yake yonse pa rpm pafupifupi 7,900. Injini ya two-stroke ikatsika ndi 600 kuchoka pamenepo, mphamvu imagwa kwambiri, ndiye mwaluza kawiri: mpweya wakulandani, klachi yakulandaninso.

Mwayi wanu ndi wakuti klachi yanu yakutsogolo, yotchedwa pDrive, ili ndi ma clicker. Pa kachitsulo kalikonse pali kabawuti kokhala ndi manambala. Mukakweza nambala, rpm imakweranso, kawirikawiri ndi 200 kapena kucheperapo pa sitepe imodzi. Pezani malo otsetsereka aatali, sinowo yake yofanana, tsegulani moto wonse kwa masekondi angapo maso ali pa geji ya rpm. Osawerenga nambala yoyamba imene yadumpha; dikirani ikhazikike. Imani, zimitsani injini, chotsani chingwe cha chitetezo, kwezani sitepe imodzi, bwererani pamalo omwewo. Onse atatu akhale pa nambala imodzi, ndipo mabawuti mumange monga buku lanenera. Ndidaonapo munthu atakweza awiri n'kuiwala wachitatu chifukwa zala zidazizidwa. Makina adanjenjemera mpaka m'mapewa, ndipo mwayi wake adaima msanga. Magulovesi opyapyala a ntchito muziika m'thumba la mkati kuti akhale otentha.

Ma clicker akafika kumapeto rpm isanakwane, mufunika tizitsulo topepuka, ndipo ogulitsa Ski-Doo ali ndi zida zokonzera malo okwera. Kwa anzathu amene ali ndi makina a kampani ya Polaris, buku la makina lili ndi tchati chosonyeza kulemera koyenera pa mtunda uliwonse, ndipo amakaniko ambiri amayerekeza kuti galamu imodzi pa kachitsulo kalikonse imasuntha rpm ndi 100. Ndi poyambira chabe, geji ndiyo imagamula.

Za klachi yambuyo ndingokhudza pang'ono. Helix (chitsulo chopendama cha mu klachiyo) ya ngodya yogona imabweza giya msanga mukalowa m'sinowo yakuya, ndipo imathandiza injini kusatsika rpm. Ndi chinthu chabwino, koma pa ulendo wa sabata imodzi ine sindingaigwire. Mukasintha zinthu zitatu tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chakuthandizani ndi chimene chakupwetekani.

Tsopano magiya, poti anzanu sadalakwe kwenikweni, angoyambira kumapeto. Giya ya m'bokosi la tcheni siikonza rpm ya pamwamba. Imeneyo ndi ntchito ya klachi. Chimene giya imachita ndi kupeputsira lamba katundu. Renegade adaipangira liwiro la panjira zosalazidwa ndi panyanja zouma, pomwe m'sinowo yakuya ya paphiri simufika n'komwe pafupi ndi liwiro limenelo. Lamba amangokhalira pakati pa mbale, akutsetsereka ndi kutentha. Yesani izi: tengani cholembera cha inki yosafufutika, jambulani mzere pa mbale ya klachi yakutsogolo kuyambira pakati kufika m'mphepete, yendani ola limodzi monga mumayendera, kenaka tsegulani. Pamene inki yafufutika ndi pamene lamba wafika. Ngati chala chonse cha inki chatsala kumtunda, giya yanu ndi yaitali kuposa mmene mukuigwiritsira ntchito. Gwiraninso mbale zija injini itazima. Zikakhala zoti dzanja silingakhalepo, lamba akupsa.

Mankhwala ake ndi sproketi yam'mwamba yocheperako ndi mano awiri. Tiyerekeze muli ndi mano 23 m'mwamba ndi 45 pansi, ndiye kuti 1.96. Mukaika ya mano 21 mwafika pa 2.14, mphamvu yokokera yakwera ndi pafupifupi 9 peresenti, liwiro la pamwamba latsika ndi muyeso womwewo. Funsani ngati tcheni yomweyo ikwanebe, chifukwa nthawi zina imafuna yaifupi. Ntchitoyi ndi ya mugalaja kunyumba, mafuta a m'bokosi n'kusinthiratu, osati ya pamalo oimika magalimoto m'bandakucha.

Ndinene chilungamo pa chinthu chimodzi. Chopondera cha Renegade, lamba wamkulu wa mphira woyenda pa sinowo, ndi cha mainchesi 137 ndipo mano ake ndi aafupi, pomwe a Summit, Ski-Doo ya kumapiri, amayenda ndi 154 kapena 165. Klachi ingakhale yokonzedwa bwanji, kumene iwo akuyandama inu mudzakumba dzenje, ndipo kulimbana ndi moto mutatitimira ndi kumene kumadya malamba. Mukaona yakhala pansi, siyani moto, tsikani, fukulani. Ndipo musakwere phirilo opanda beacon (kachipangizo kothandiza kupeza munthu wokwiririka m'sinowo), ndodo yofufuzira ndi fosholo, komanso musanawerenge chenjezo la tsikulo la Avalanche Canada, bungwe lochenjeza za kugumuka kwa sinowo. Mapiri amenewa atenga miyoyo ya anthu odziwa kuyendetsa kuposa ine ndi inu.

Musananyamuke, pukutani mbale zonse zinayi zichoke mphira wakale wa lamba adapsa uja, apo ayi watsopano adzatereranso. Lamba watsopano mumutsuke ndi madzi ofunda a sopo, aume, ndipo makilomita 50 oyamba muyende mofatsa. Wachiwiri akhale m'makina, naye atayendapo kale. Lembani papepala nambala ya clicker imene mwachoka nayo ku Winnipeg, mulimate mkati mwa chivindikiro, chifukwa mukatsika ndi makonzedwe a paphiri injini idzapitirira 7,900 patali ndipo idzafuna kubwezeredwa musanaitsitse m'ngolo. Mukabwerako mundilembere rpm imene mudaipeza pa Boulder ndi kumene inki idathera.